Kudzutsa gitala yakale ya besi ndi kulondola kumene mawu ake amasochera

Gitala ya besi yamagetsi ndi chida cha nsambo zinayi chimene chimanyamula mawu apansi m'gulu loimba, ndipo ngakhale kuti omvera ambiri sachitchera khutu pachokha, ndicho chimamangirira ng'oma ku zida zina zonse kuti nyimbo iyendere limodzi. Nsambo zake zimachunidwa pa E, A, D ndi G, ndipo yonenepa kwambiri, ya E, imanjenjemera maulendo 41 pa sekondi imodzi, pamene yowonda kwambiri, ya G, imanjenjemera maulendo 98. Paul Tutmarc wa mumzinda wa Seattle ku America adapanga besi yamagetsi yogwirira chopingasa m'zaka za m'ma 1930, koma sidagulidwe kwambiri, kotero kuti chidachi chidayamba kufalikira mu 1951, pamene Leo Fender adatulutsa Precision Bass ku fakitale yake ya ku Fullerton m'chigawo cha California. Mu 1960 kampani yomweyo idatulutsa Jazz Bass, ya khosi lowonda chakumutu ndi mawu akuthwa pang'ono, ndipo magitala awiriwa ndiwo amene mafakitale ambiri padziko lapansi akhala akuonera mpaka lero.

Gitala yopangidwa m'zaka zimenezo tsopano yadutsa zaka 60, ndipo chilichonse cha m'thupi mwake chakalamba mwa njira yakeyake: thabwa lauma n'kukhota, zitsulo zachita dzimbiri, zapulasitiki zakhwinyata, ndipo mtovu wolumikiza mawaya wang'aluka m'malo ena mosaoneka ndi maso. Munthu amene wapeza gitala yotere, kaya m'chipinda chosungiramo katundu kutchalitchi kapena kwa wachibale amene adaleka kuimba, kawirikawiri amathamangira zinthu ziwiri, kuipala kuti ipakidwe utoto watsopano ndi kugula zida zamagetsi zatsopano zoti zilowe m'malo mwa zakale. Kuyambira pamenepo n'kulakwitsa, chifukwa mavuto ambiri a mawu amachokera ku nsambo, ku khosi ndi ku malo olumikizira amene alowa litsiro, ndipo zonsezi zimakonzeka ndi ndalama zochepa popanda kutaya chilichonse chimene gitalayo idabwera nacho kuchokera ku fakitale. Mmisiri wodziwa ntchito amayambira ku thabwa ndi nsambo, zamagetsi n'kubwera pambuyo, ndipo amasintha chinthu chimodzi chokha kenako n'kumvetsera, popeza akasintha zitatu nthawi imodzi sangadziwenso chimene chachiritsa kapena chimene chaonjezera vuto.

Asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, mmisiriyo ayenera kudziwa chimene chili m'manja mwake. Magitala ambiri a Fender a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ali ndi deti lolembedwa ndi pensulo kapena lodindidwa kumapeto kwa khosi, kumene khosilo limalowa m'thupi. Umboni wina uli pa potentiometer, kachipangizo kozungulira kamene kali kuseri kwa chopotokolera mawu, kamene amisiri amangokatchula kuti pot. Pa chitsulo chake pamadindidwa manambala osonyeza kampani yopanga, chaka ndi sabata, moti 137 ndi nambala ya kampani ya CTS pamene 304 ndi ya Stackpole, ndipo pot yolembedwa 1376512 idapangidwa ndi CTS m'sabata ya 12 ya chaka cha 1965. Chaka chimenechi chili ndi kulemera kwake pamsika, chifukwa m'mwezi wa Januwale 1965 kampani ya CBS idagula Fender pa mtengo wa madola 13 miliyoni, ndipo osonkhanitsa magitala amalipira ndalama zambiri pa zopangidwa malondawo asanachitike. Komabe gitala yakale imene munthu wamba angakumane nayo nthawi zambiri imakhala yopangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980, ya mayina monga Aria, Greco, Ibanez kapena Squier, ndipo yoteroyo siyenera kupeputsidwa, pakuti ambiri mwa magitala amenewa adapangidwa mwaluso ndipo akasamalidwa amalira bwino kwambiri. Kaya gitalayo ndi ya mtengo wanji, ndi nzeru kujambula zithunzi za mawaya asanakhudzidwe, ndiponso kusunga kachidutswa kalikonse kochotsedwa m'kathumba kolembedwa kumene kachokera.

Funso lachiwiri, limene ambiri amalidumpha, ndi lakuti mawu amene akufunidwawo ndi otani, chifukwa chimene wina amachitcha chilema chimakhala chuma kwa mnzake. James Jamerson, amene adaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani ya Motown ku Detroit, ankagwiritsa ntchito Precision Bass ya 1962 yokhala ndi nsambo zosalala za La Bella zimene sankazisintha kawirikawiri, ndipo pa bridge, chitsulo chimene nsambo zimatsamirapo kumunsi kwa thupi, padali siponji yofooketsa kulira kwa nsambozo, kotero kuti mawu ake adali okhuthala ndi ofulumira kuzima. Aston Barrett wa gulu la The Wailers ku Jamaica adatsata njira yofananayo pa Jazz Bass yake, ndipo mawu akuya oterowo ndiwo amene oimba chamba cha reggae amafunabe, kuphatikizapo a kuno ku Malawi. Mosiyana ndi amenewa, John Entwistle wa gulu la The Who adathandizana ndi kampani ya Rotosound ku England mu 1966 kupanga nsambo zokulungidwa ndi waya wobulungira, zamanyamanya pozigwira, zimene zimatulutsa mawu akuthwa ndi okhalitsa. Woimba chamba cha sungura wotsata mapazi a Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene bambo ake adachokera ku Malawi, amafuna kuti noti iliyonse imveke payokha ngakhale zala zikuthamanga kumtunda kwa khosi, ndipo gitala yokonzedwera mawu a Jamerson angaiyese yodwala. Motero mwini gitala akadandaula kuti mawu ake ndi ogontha, choyamba n'kuona mtundu wa nsambo ndi msinkhu wake. Nsambo zobulungira zimatsekeka ndi thukuta ndi mafuta a m'manja pakangopita miyezi yowerengeka, ndipo ngakhale kuti oimba ena amaziwiritsa m'madzi kuti zidzuke, mphamvu yakeyo imakhala ya kanthawi kochepa. Nsambo zosalala zimatha zaka zambiri zikulira mofanana, chinthu chofunika kuchiganizira kumene nsambo za besi zili zokwera mtengo ndi zosowa.

Nsambo zabwino zikaikidwa, maso amatembenukira ku khosi, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Nsambo zinayi zokungidwa bwino zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60 usana ndi usiku, ndipo popanda chothandizira khosilo lingapindike ngati uta. Chothandiziracho ndi truss rod, ndodo yachitsulo yobisika m'kati mwa khosi, imene Thaddeus McHugh wa ku kampani ya Gibson adaitulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ikamangidwa imakokera khosi kumbuyo kulimbana ndi nsambo. Khosi siliyenera kuwongoka kotheratu, chifukwa nsambo ikamanjenjemera imatambasuka kwambiri chapakati ndipo imafuna malo. Poyesa, nsambo ya E imapanikizidwa pa freti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, mafreti pokhala tizitsulo topingasa pakhosi timene timadula nsambo kuti ipereke noti zosiyanasiyana, kenako amayang'ana mpata wa pakati pa nsamboyo ndi freti ya 8, umene uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.3 mpaka 0.4. Mpatawo ukakula, nsambo zimakwera ndipo gitala imalemera m'manja. Ukasowa, nsambo zimakwecha mafreti oyambirira.

Kumanga truss rod ya gitala yakale kumafuna mtima wodekha, chifukwa ndodo ikathyoka kapena mazinga ake akaperepeseka, kukonza kwake kumafuna kung'amba khosi. Nati yake imayamba yamasulidwa pang'ono, n'kudonthezedwa mafuta, kenako n'kumangidwa osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi, nsambo zitafooketsedwa, ndipo thabwa limapatsidwa nthawi yoti likhazikike lisanayesedwenso. Pa magitala a Fender a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 natiyo ili kumunsi kwa khosi, kotero kuti nthawi zambiri khosi limayenera kumasulidwa kuti ifikirike. Rickenbacker 4001 yakale ili ndi ndodo ziwiri za mtundu wina, zimene sizidapangidwe kuti zikoke khosi zokha, moti khosilo limayenera kuwongoledwa ndi manja kaye manati asanamangidwe, apo ayi thabwa la pamwamba pa khosi limatha kumatuka. Nyengo nayonso imalowererapo, popeza thabwa limamwa chinyontho n'kufufuma, ndipo likauma limabwerera. M'dziko la dzinja lamvula ndi chilimwe chouma monga Malawi, gitala yokonzedwa bwino mu Febuluwale imatha kufuna kuyesedwanso mu Okutobala, mwezi umenenso nsonga za mafreti zimatulukira m'mbali mwa khosi n'kumakala m'manja chifukwa thabwa lachepa pamene chitsulo sichinasinthe.

Khosi likakhala m'malo mwake, kutalika kwa nsambo kuchokera pa mafreti kumakonzedwa pa bridge, ndipo muyeso woyambira wa Fender pa makosi akale ndi pafupifupi mamilimita 2.8 ku nsambo ya E ndi 2.4 ku ya G, poyesera pa freti ya 17. Ngati bridge yatsitsidwa mpaka pansi koma nsambo zikadali m'mwamba, kapepala kolimba koikidwa pansi pa khosi m'malo olumikizirana ndi thupi kamasintha kapendekedwe kake, ndipo imeneyi ndi njira imene ngakhale kufakitale ankagwiritsa ntchito. Chotsatira n'kuonetsetsa kuti gitala yochunidwa bwino isaphonye noti kumtunda kwa khosi. Noti ya pa freti ya 12 iyenera kufanana ndi ya nsambo yosapanikizidwa, kungoti imakhala yokwera ndi okitevu imodzi, ndipo ikakwera mopitirira, kachitsulo konyamula nsamboyo pa bridge kamasunthidwira kumbuyo kuti nsambo italike. Freti imodzi yodzuka kapena yodyeka imadziwika chifukwa kukwechako kumamveka pamalo amodzi okha.

Zonsezi zimayesedwa gitala isanalumikizidwe ku ampulifaya, ndipo n'chifukwa chake mmisiri wabwino amaiimba kaye m'chipinda cha phee khutu lili pafupi ndi thupi lake. Noti imene ikufa msanga kapena kugwedera popanda magetsi idzachita chimodzimodzi pa sipika, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala kiyi yokungira nsambo imene yakhwefuka, sipuling'i ya pa bridge, kapena masikuluwu a khosi amene sadamangidwe mokwanira.

Mtima wa mbali yamagetsi ndi pickup, kachipangizo kokhala pansi pa nsambo kopangidwa ndi timaginito tokulungidwa ndi waya wamkuwa wowonda kwambiri, wa pafupifupi mamilimita 0.06, wozungulitsidwa maulendo masauzande angapo. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito imasokoneza mphamvu yake, ndipo kusokonezekako kumadzutsa magetsi ochepa m'wayamo amene ampulifaya imawakulitsa. Pickup imanamiziridwa milandu yambiri imene si yake. Pansi pake pamakhala siponji yoikankhira m'mwamba, imene pakapita zaka imafumbutuka, pickup n'kumira, mawu n'kuchepa mphamvu, ndipo siponji yatsopano imathetsa vutolo. Pickup ikayandikiranso nsambo mopitirira, maginito amakoka nsambozo n'kuchititsa kuti noti zizimveka zogwedezeka, kotero kuti mpata woyambira ndi pafupifupi mamilimita 3 ku mbali ya E ndi ochepera pang'ono ku mbali ya G, nsambo itapanikizidwa pa freti yomaliza. Thanzi la waya wa m'kati limayesedwa ndi multimeter, chipangizo choyesera magetsi, kudzera pa chingwe cholowetsedwa m'gitala chopotokolera mawu chitatsegulidwa chonse. Pickup ya Precision imawerenga pafupifupi ma ohm 10,000 mpaka 11,000, pamene iliyonse ya Jazz Bass payokha imawerenga pafupifupi 7,000 mpaka 8,000, ohm pokhala muyeso wa mmene waya akukanizira magetsi kudutsa. Chiwerengero chikalumpha kufika m'ma 200,000, ndiye kuti waya waduka penapake ndipo chipangizocho chikungowerenga pot. Ngakhale zitatero pickup siyenera kutayidwa, chifukwa nthawi zambiri wayayo amadukira kunsonga kumene adawotchereredwa, ndipo ngati wadukira m'kati, mmisiri amatha kukulunga waya watsopano pa maginito akale omwewo.

Kuthetheka kumene kumamveka munthu akamapotokola mawu kumachokera ku fumbi ndi dzimbiri za m'kati mwa pot, ndipo mankhwala opopera oyeretsera zamagetsi, otsatiridwa ndi kupotokola uku ndi uku kambirimbiri, amachiza mapot ambiri akale. Mawu odukaduka chingwe chikagwedezeka amaloza ku jack, bowo lolowetsamo chingwe, limene kachitsulo kake kamafooka kapena kuda. Pali kachipangizo kenanso kotchedwa capacitor, kolumikizidwa ku chopotokolera chachiwiri, kamene ntchito yake ndi kutaya mawu akuthwa kuti otsalawo akhale okhuthala. Ma Precision ambiri akale adali ndi capacitor ya 0.1 microfarad, imene imadula mawu akuthwa ambiri, pamene apambuyo pake adali ndi ya 0.05, ndipo kusiyana kwa manambalawa kumamveka ndithu ndi khutu. Chimene chili chokayikitsa ndi malonda a ma capacitor okwera mtengo amene amati ali ndi mawu akale, popeza chimene chimalamula mawu ndi nambala yake, ndipo chopotokolera chikatsegulidwa chonse kachipangizoka kamakhala ndi gawo lochepa kwambiri. Magitala ena, monga Music Man StingRay imene idatuluka mu 1976, ali ndi kachipangizo kokulitsa mawu m'kati koyendera batire ya mavoti 9, ndipo pa oterewa mawu osasa kapena ofooka amayamba afunsidwa kwa batire, imene imatha msanga chingwe chikamasiyidwa chili cholowetsa.

Phokoso long'ung'uza losalekeza ndi nkhani ina, ndipo limachokera ku magetsi a m'nyumba amene pickup imawatola mumpweya. Ku America magetsi amasinthasintha maulendo 60 pa sekondi, pamene ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo ndi maulendo 50, chiwerengero chimene chayandikana kwambiri ndi noti ya G ya pa freti yachitatu ya nsambo ya E, imene imanjenjemera maulendo 49, kotero kuti phokosolo limagwera m'dera lenileni la besi ndipo silingadulidwe pa ampulifaya popanda kudulanso nyimbo. Mu 1957 Fender adagawa pickup ya Precision kukhala zidutswa ziwiri zokulungidwa mosemphana kuti phokoso la chimodzi lizifafaniza la chinzake, pamene mapickup awiri a Jazz Bass amafafanizana pokhapokha onse atatsegulidwa mofanana, ndipo kung'ung'uza pang'ono imodzi ikatsekedwa ndi chibadwa chake. Dzanja la woimba ndi chida chabwino chofufuzira. Phokoso likachepa pogwira nsambo, ndiye kuti waya wa earth, amene amalumikiza zitsulo zonse za gitala ku nthaka kudzera mu ampulifaya, ali bwino, ndipo chotsala n'kumata pepala lamkuwa m'mabowo a zamagetsi kuti liwatchinge. Likapanda kusintha pogwira nsambo koma n'kuchepa pogwira chitsulo cha jack, ndiye kuti waya wopita pansi pa bridge waduka kapena wachita dzimbiri. Likakula pogwira nsambo, mawaya awiri a pa jack adasemphanitsidwa ndi wina amene adakonzapo kale. Kusemphanitsa kwa mtundu womwewo pa pickup imodzi ya Jazz Bass kumachititsa kuti mawu apyapyale n'kutaya kuya kwake mapickup onse awiri akatsegulidwa.

Nkhani ya earth imakhudzanso moyo wa woimba, chifukwa nsambo zimene wagwira n'zolumikizidwa ku ampulifaya. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, adafa pa pulatifomu mumzinda wa Swansea ku Wales atagwira maikolofoni imene idalibe earth yabwino. Chizolowezi chodula phini lachitatu la pulagi, kapena kulowetsa mawaya osavala m'soketi, n'choopsa kwambiri kwa woimba gitala. Ampulifaya yakale ya ku America idapangidwira mavoti 120 ndipo ingapse pa mavoti 230 a kuno popanda thiransifoma, ndiponso ya mavalavu imasunga mavoti mazanamazana m'kati ngakhale itazimitsidwa, kotero kuti kuitsegula ndi ntchito ya mmisiri wophunzira zamagetsi.

Za maonekedwe zimabwera kumapeto, ndipo lamulo lake ndi kuyeretsa m'malo mopala. Magitala a Fender ankapakidwa utoto wa nitrocellulose mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo utoto umenewu umachita timing'alu ndi kusanduka wachikasu ukamakalamba, zimene ogula amaziona ngati umboni wa msinkhu, moti kupakanso utoto kumagwetsa kwambiri mtengo wa gitala. Utotowu umasungunuka ndi sipiriti, ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndi mphira wa zoimikira magitala zina, ndiponso ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, chinthu choyenera kuchikumbukira kwa oimba usiku panja. Kansalu kofewa konyowetsedwa pang'ono n'kokwanira pa litsiro lambiri. Chivindikiro cha patsogolo cha magitala ena akale n'chopangidwa ndi celluloid, mtundu wakale wa pulasitiki umene umakhwinyata, ndipo chikachotsedwa kwa masiku angapo chimatha kukana kubwerera m'mabowo ake, n'chifukwa chake amisiri amachikhomera pa thabwa lathyathyathya pamene akugwira ntchito. Popukuta mafreti ndi utuchi wachitsulo, pickup iyenera kumatidwa tepi, popeza tizidutswa ta utuchiwo timakakamira ku maginito n'kulowa m'waya. Thabwa lakuda la pamwamba pa makosi ambiri a Fender a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ndi rosewood wa ku Brazil, mtengo wa banja limodzi ndi phingo, umene kuyambira mu 1992 uli pa mndandanda wotetezedwa kwambiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi, kotero kuti kugulitsa gitala yotere kunja kwa dziko kumafuna zikalata.

Pamatsala vuto limodzi limene limazunguza ambiri gitala itakonzedwa kale paliponse. Pa magitala ochuluka a mtundu wa Fender, noti imodzi kapena ziwiri za pa nsambo ya G, pakati pa freti ya 5 ndi ya 7, zimazima msanga kuposa zinzake ngakhale nsambo zili zatsopano ndipo mafreti ali osalala. Chimene chimachitika n'chakuti khosi nalonso lili ndi liwiro lake limene limakonda kunjenjemerapo, ndipo noti ikagwirizana ndi liwirolo, khosi limayamwa mphamvu ya nsambo m'malo moisiya ilire. Njira yotsimikizira ndi kutsamiritsa mutu wa gitala kukhoma kapena pa thebulo lolimba n'kuimbanso notiyo, imene imayamba kukhalitsa nthawi yomweyo ngati gwero lake ndi limeneli. Kusintha pickup kapena pot sikungathandize kalikonse pamenepa. Chimene chimatheka ndi kusuntha malo ofookawo, mwina pomangirira kachitsulo kolemera kumutu kwa gitala, kamene kamawatsitsira ku noti yapansi, kapena poika makiyi opepuka, amene amawakwezera kumtunda, mpaka atafika pa noti imene nyimbo za mwini gitalayo siziigwiritsa ntchito kawirikawiri.